Chigayo, Sileti ndi Zala Zanga

Amayi anga, kodi kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno tilipo, kungoti mvula ya Januwale uno yatikwana. Lero ndi Loweruka, ndaweruka masana, ndachapa, zovala ndayanika m'nyumba chifukwa kunja sikukudalirika. Ndati ndikhale pansi ndikuuzeni za kuno. Ndineneretu kuti mtima wanga suli m'malo. Ukapitawo umene ndaugwirizira miyezi isanu ukundipulumuka m'manja, ndipo ukapita upita ndi nyumba imene ndikulemberamo kalatayi. Koma paja munkati mlendo sumulonjera ndi mavuto asanamwe madzi, choncho ndiyambe ndi zabwino.

Agnesi anachira mu Novembala, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Akamwini anu ankafuna dzina lina lovuta kutchula, koma achimwene a Laisoni anangowayang'ana kamodzi, nkhani inathera pomwepo. Kamwanako kali ndi chipumi chanu, ndipo kakayamba kulira sikatonthola mpaka katapeza chimene kakufuna, ndiye dzina silinasochere. Nandolo ku Masambanjati anachita bwino. Nthochi zanu za kuseri kwa nyumba zinagwidwa ndi matenda a chisaka, tinazula zonse, achimwene anakatenga mbewu ina ku Thekerani. Kalongonda wabwino sitinadyenso chichokereni inu. Agnesi anayesa pa Khirisimasi, anatopa ndi kutaya madzi, anaphula msanga, banja lonse linaswera mitu ikuzungulira. Tamanda wanga ali Fomu 3, wanditalikira kale. Bambo ake akadali duu ku Joni, ndinasiya kufunsa.

Za ukapitawo simukuzidziwa, zinabwera mutapita. Mu Ogasiti kapitawo wa dera lathu la kumtunda anapuma pantchito, ndipo bwana manijala anati ndigwirizire ine, ati ndatchola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi komanso ndili ndi ka Fomu 2 kolembera. Tsiku limene ndinatula dengu n'kuvala jombo ndi chijasi cha ukapitawo ndinakabisala kuseri kwa shedi ndikulira, chifukwa inu munatchola zaka makumi atatu popanda wokuitanani ndi dzina. Anandichotsa ku malayini, nyumba za otchola zija, m'kachipinda kaja munkagona chopinda miyendo mukabwera kudzationa, n'kundipatsa nyumba ya zipinda ziwiri ya mpopi pakhomo. Tamanda ali ndi chitseko chakechake. Koma kugwirizira si kukhala. Anandiuza kuti kumapeto kwa Januwale adzaona ngati andikhazikitse kapena ndibwerere ku dengu.

Ndinali kuchita bwino, Amayi, sindikudzitama. Kenako kunabwera makina.

Mukudziwa kuti kapitawo amalemba tsiku lililonse: munda uti watcholedwa, wapuma masiku angati, uti wagwa tizilombo, uti ukufuna feteleza. Timalemba pamapepala, ndipo mapepala a dzinja amafika ku ofesi ngati masamba a chigwada ofwafwaza. Akuluakulu a ku Blantyre anatopa nazo, anati esiteti igule makina olembera m'munda. Anatumiza mayi wina wa za makompyuta, mayi Kamanga, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Anabwera ndi makina a mitundu iwiri kuti ife akapitawo asanu tiyese, uliwonse masabata awiri, kenako tinene woti agule.

Ndikufotokozereni, poti inu munangoona kompyuta ya ku chipatala ndi foni ya Agnesi yopalasa ndi chala ija. Makinawa ali ngati mleme, mbewa si mbewa, mbalame si mbalame. Ukawaika patebulo n'kuwatsegula ngati buku, ndi laputopu, uli ndi mabatani olembera. Ukapinda kapena kuchotsa mabataniwo, watsala ndi galasi lokha m'manja, ndiye tabuleti. Onse awiri amachita zimenezi. Koma mayi Kamanga anati kusiyana kwenikweni si thupi, ndi sisitimu, ndiye kuti khalidwe limene makina anabadwa nalo ndi chiyankhulo chimene amamva. Oyambawo sisitimu yake ndi imene ili m'makompyuta a ku ofesi ndi ku fakitale. Ndi olemera, ndipo akatentha amalira m'kati, choncho amayi otchola anawatcha Chigayo. Enawo sisitimu yake ndi ya m'mafoni athuwa. Ndi opyapyala, akuda, anawatcha Sileti. Palinso mtundu wachitatu, wa bwana manijala wawowawo, wojambulidwa chipatso kumsana. Umenewo sunali pa mpikisano. Akuti ndi wabwino zedi koma ndi wodula, ndipo umamvana ndi abale ake okha.

Ine ndinayamba ndi Chigayo, ndipo patebulo tinkamvana. Potsegula umalemba mawu achinsinsi basi. Mabatani ake ndi olimba, ukadina umamva kuti wadina. Ukafika ku ofesi n'kulumikiza, zimene walemba zimalowa mu kompyuta ya ku fakitale mosavuta, poti ndi a mtundu umodzi. Chili ndi pobayira fulashi, ndipo pulogalamu ya esiteti imatseguka yonse, osati chidutswa. Kalaliki wa ku fakitale amachikonda ngati mwana wake.

Koma munda si tebulo. M'zitunda zathu zija, Chigayo chili paphewa, pofika munda wa nambala 9 khosi limakhala lauma. Kulemba uli chiimire sizitheka, chimafuna pokhala. Tsiku lina ndinachita tchimo limene inu mukanandimenya nalo: ndinachikhazika pamwamba pa tiyi, poti mitengo yake ndi yosalala ngati tebulo, ndipo pochotsa ndinapeza nsonga zonse pansi pake zathyoka. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Batire lake likafika wani koloko latha, pamene ntchito ikadalipo. Tsiku linanso, ndili pakati polemba, chinangonena kuti chikudzikonza ndidikire, ndipo ndinaima ola lathunthu ndikuyang'ana kabwalo kakuzungulira, amayi otchola akundiseka kuti chigayo chathima magetsi. Mvula ikayamba ndiye mtima m'mwamba, chifukwa chili ndi timabowo topumira. Ndinkachiveka majumbo awiri.

Sileti, Amayi, ndinene chilungamo, inabadwira munda. Umaigwira ndi dzanja limodzi, linalo ukukankha nthambi. Ukaichaja Lolemba, Lachitatu ikadali ndi moyo. Simachedwa kudzuka. Ukaona tsamba lodwala umangolijambula, chithunzi chimaoneka mpaka timadontho, ndipo ukakwera pamtunda pamene pali netiweki chimapita chokha ku ofesi. Ili ndi zoipa zake. Mabatani ake ndi kachikuto kofewa komatirira ndi maginito, kamagwa ukangopunthwa. Pulogalamu ya ku fakitale siimva, anachita kuipangira ina yaing'ono, ndipo kalaliki amadandaula kuti zolemba zake zimafika mizere itasokonekera. Koma ife sitigwira ntchito ku fakitale.

Kushedi kunali mkangano ngati wa mpira. Akapitawo awiri achikulire anali a Chigayo, ati chinthu cholemera ndiye chenicheni, Sileti ndi chidole cha ana. Awiri ena anali a Sileti, ndipo wotsogolera anali a Mulipa. A Mulipa simukuwadziwa. Anabwera kuchokera ku sukulu ya zaulimi, ndi anzeru ndithu, koma dengu sanalibelekepo, manja awo ali ngati a abusa. Dera lawo lachita malire ndi langa, ndipo mphekesera inalipo yoti ine ndikalephera, madera awiriwa awaphatikiza pansi pa iwo. Awiri uku, awiri uku, ndiye wachisanu ndinali ine. Aliyense ankandifunsa, ine ndinkangoti ndikuonabe. Anthu ankaganiza kuti ndikudzikweza. Sankadziwa kuti ndili ndi chinthu chimene ndikubisa.

Sileti siitsegulidwa ndi mawu achinsinsi. Imatsegulidwa ndi chala. Ili ndi kamalo pambali, umaikapo chala chachikulu, iyo imawerenga timizere ta pakhungu, ikakuzindikira imatseguka. Chigayo chilibe kamalo kotere, koma pa Sileti akuluakulu a ku Blantyre analamula choncho dala, ati mawu achinsinsi munthu amabwereketsa kwa mnzake iye n'kukakhala kumowa, koma chala sungabwereketse. Tsiku lolembetsa, anzanga onse anaika kawirikatatu zinatheka. Ine ndinaika, yakana. Ndinaikanso, yakana. Mayi Kamanga anandipukuta chala ndi kansalu, anati ndipumirepo mpweya, ndipo pa ulendo wachisanu ndi chinayi inavomera monyinyirika. Galimoto inkawadikira, anangoti zatheka, n'kuthamanga.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse inali nkhondo. Ndinkafika kumunda anthu asanafike, ndiike chala, ndichotse, ndinyambite, ndipukute pachitenje, nditembenuze. Mwina itseguke, mwina ikane. Ikatseguka ndinkaopa kuisiya kuti ingagone, ndinkangoigwiragwira ngati mwana wodwala. Sindinauze munthu. Ndinkaona ngati ndikanena, ati mayi uyu ndi wakumudzi, makina amukana, abwerere kumene anachokera. Ndinali ndi manyazi, Amayi, ndipo ndinali ndi mantha.

Ndiye ndinachita kupusa kumene ndikufuna mukumve kwa ine ndemwe. Ndinayang'ana zala zanga ndi za a Mulipa, ndinaona kusiyana kumodzi: zanga ndi zakuda ndi utomoni wa tiyi umene unalowa m'ming'alu kalekale, zawo ndi zoyera. Ndinati basi, makinawa akunyansidwa ndi litsiro. Ndinakumbukira mmene inu munkachitira Lamulungu la Mgonero, kuti musatambasule manja akuda pamaso pa abusa: phulusa, ndimu, sopo wochapira ndi mwala wa kumapazi. Lamulungu lapitali m'mawa ndinakhala pampopi ndi zonsezo. Ndinakhula, Amayi. Ndinakhula ngati ndikutsuka mphika wa maliro, mpaka zala zinayera, zinafiira, zinayamba kuwawa ndikagwira madzi. Ndinapita ku tchalitchi ndikuzinyadira.

Lolemba Sileti inandikana kotheratu. Kasanu konse, kenako inalemba kuti yadzitseka mpaka abwere mwini wake. Ndinaima pakati pa munda wa nambala 14 ndilibe cholembera. Ndipo tsoka silinunkha, tsiku lomwelo ndi limene ndinapeza kuti m'mundamo mwagwa tizilombo toboola nsonga tija, masamba ayamba madontho akuda ndi kupindika. Chinthu choti chikanafika ku ofesi ndi chithunzi ola lomwelo, ndinachilemba pa pepala la m'kope la Tamanda, n'kupatsira dalaivala wa thirakitala. Pepalalo linagona m'thumba mwake masiku awiri. Opopera mankhwala anabwera Lachinayi, tizilombo titadumphira kale m'munda woyandikana nawo, umene ndi wa a Mulipa.

Iwo anandipeza pamalire, atanyamula nsonga zitatu zakuda. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangondifunsa akumwetulira kuti, “Mayi a Tamanda, bwanji Sileti yanu imangokhala m'chikwama ngati Baibulo la munthu wosapemphera?” Ndinati batire. Anayang'ana chikwama, anayang'ana ine, anati mawa kumsonkhano tidzamva zambiri, n'kumapita.

Lachinayi lonselo sindinadye. Ndinkangowerengera njira ziwiri. Ndikati Chigayo, atatu apambana awiri, esiteti igula Chigayo, ine ndizilemba mawu anga achinsinsi, za chala palibe adzadziwe, za tizilombo ndinamizira netiweki, nyumba ndatsala nayo. Palibe akanandigwira bodza, poti zifukwa zokondera Chigayo zilipo zenizeni. Koma ndikanadziwa ndekha kuti ndasenzetsa anthu asanu, ndi onse odzabwera pambuyo pathu, chinthu chothima wani koloko, kuti ndibise chala changa. Ndikati Sileti, ndiye kuti ndadzisankhira chitseko chimene sichinditsegukira. Munkati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinavumbwa tsiku lonse. Ndinayang'ana Tamanda akuwerenga m'chipinda chake chitseko atatseka, ndinati Mulungu andikhululukire, ndinena Chigayo. Ndinapita kumsonkhano nditamanga zimenezo.

Dzulo teni koloko tinakhala mu ofesi ya bwana manijala. Makina awiri aja anali patebulo, mayi Kamanga ali pambali ndi kope. Anayamba achikulire aja, anayamikira Chigayo. Anabwera a Mulipa, anayankhula bwino kwambiri, Chingerezi chili mbwee, anatchula batire, kulemera, zithunzi, zonse zoona. Pomaliza anati pali madera ena amene Sileti sinapatsidwe mpata wooneka ntchito yake, ndipo tiyi wavulala. Sananditchule. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene Chigayo. Koma bwana anali atandifunsa mwanjira ina. Sanati mukufuna chiti. Anati, inu amene mwayenda m'mizere ya tiyi kuposa tonse muno, chabwino m'munda ndi chiti? Akanandifunsa chimene ndikufuna ndikananama bwinobwino. Koma za munda, Amayi, lilime linakana. Inu munandiphunzitsa kutchola masamba awiri ndi kansonga, ndipo mukapeza tsamba lokhwima m'dengu mwanga munkalitulutsa pamaso pa anthu, mukuti sikelo ungainamize koma kapu ya tiyi idzakuulula. Ndinamva mawu anga akutuluka okha. Ndinati Sileti. Ndinafotokoza za phewa, za wani koloko, za majumbo awiri, mpaka za nsonga zimene ndinathyola pokhazika Chigayo pa tiyi. A Mulipa anadabwa, anali atakonzekera kulimbana nane.

Kenako ndinati ndili ndi mawu ena. Ndinatulutsa Sileti yanga m'chikwama, ndinaiika patebulo, ndinati yadzitseka kuyambira Lolemba, ndipo tizilombo ta munda wa 14 tinachedwa kudziwika chifukwa cha ine, osati netiweki. Ndinati, “Makinawa ndi abwino, bwana, koma ine sandidziwa.”

Mayi Kamanga anaitsegula ndi nambala yawo, anati tilembetsenso. Tinayesa chala chachikulu, yakana. Chamkombaphala, yakana. Tinayesa dzanja lamanzere, zala zonse khumi mpaka kaching'ono, anthu asanu ndi mmodzi akuyang'ana manja anga. Thukuta linkatsika kumsana ngakhale kunja kunkagwa mvula. Pomaliza anatenga dzanja langa, analitembenuzira ku windo, analiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti ndachita chiyani. Ndinawauza za mwala ndi ndimu. Sanaseke, ndipo ndikuwathokoza pa chimenecho. Anati makina saona kuda kapena kuyera, amangofuna mizere. Anati tiyi ndi amene anadya mizere yanga zaka zonsezi, ndipo miyezi isanu imene ndinatula dengu inali itayamba kumeranso pang'ono, n'chifukwa chake poyamba inkavomera mwa apo ndi apo. Timizere tatsopano timeneto ndi timene ndinakhula Lamulungu. Safunsa anadya phula, Amayi. Ndinalidya ndekha, ndi manja anga.

Bwana anafunsa ngati sangandiikire mawu achinsinsi ine ndekha. Mayi Kamanga anati Sileti ikhoza, si vuto la makina, koma lamulo la chala linachokera ku Blantyre ndipo iwo sangalisinthe. Alemba kalata, koma anandiuza poyera kuti ndisadalire. Bwana anafunsanso ngati mizere imabwerera. Anati imabwerera ngati khungu lapuma, mwina masabata asanu, mwina asanu ndi limodzi. Bwana anakanda mutu, anayang'ana kalendala. Sindinganene kuti ndi munthu woipa. Anati esiteti igula Sileti monga tanenera atatu. Anati sangakhazikitse kapitawo amene sangatsegule makina a ntchito yake, ndipo kugwirizira kwanga kukutha mwezi uno monga zinalembedwera. Dera langa aliyang'anira a Mulipa. Makina atsopano afika pakati pa Malichi, ndipo tsiku limenelo andiyesanso chala. Ikatseguka, ukapitawo ndi wanga. Ikakana, nyumba ndipereke. Pakadali pano ndikhalemo, koma Lolemba ndibwerere ku ntchito yanga yakale.

Mwamva, Amayi? Kuti mizere imere, ndisatchole. Kuti ndidikire tsiku loyesa mizere, ndikatchole. Ndipo ino ndi nyengo imene tiyi akuphuka ngati wapenga, munthu umatchola kuyambira mbandakucha mpaka manja atachita dzanzi. Ndinaona pankhope pawo kuti mayi Kamanga azindikira. Bwana sindikudziwa ngati anazindikira. Ine ndinangoti zikomo, monga tinaphunzitsidwira, n'kutuluka.

A Mulipa ananditsatira panja. Ndinkayembekezera chipongwe, koma anaima manja ali m'thumba ngati akuwabisa. Anati sankadziwa, ankaganiza kuti ndi ulesi. Ndinawayankha kuti ulesi sufufuta mizere. Sanapepese, koma anati andiika m'minda ya tiyi wamng'ono, wofewa. Ndilandira, sindili pa malo okana. Koma ndakwiya, Amayi. Ndakwiyira lamulo lolembedwa ndi anthu amene sanaonepo dzanja la wotchola, ndakwiyira mwala uja, ndipo nthawi zina ndimakwiyira lilime langa limene linakana kunama kamodzi kokha. Tamanda nditamuuza anangofunsa ngati tibwerera ku malayini. Ndinati sindikudziwa. Analowa m'chipinda chake osatseka chitseko, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanalira.

Pali chinthu china chimene chandibwerera kuyambira dzulo, ndipo ndi chimene chandilembetsa kalatayi. Tsiku limene munapuma pantchito ndinakuperekezani ku ofesi yomweyi kukadinda mapepala. Kalaliki anakupakani inki, munadinda, panatuluka chibanthu chakuda chopanda mzere ndi umodzi womwe. Anang'amba, munadindanso, chimodzimodzi. Anthu pamzere anayamba kuseka. Ine, ndi ka Fomu 2 kanga, ndinachita manyazi, ndinakukalipirani pamaso pawo kuti dindani bwino Amayi, mukutichedwetsa, musamakanikize ngati mukupha nsabwe. Munangoyang'ana chala chanu, munachipukuta pa chitenje, munati, “Mwanaka, ndi chomwechi chimene ndili nacho.” Ndinkaganiza kuti simudziwa kudinda. Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza choncho. Dzulo, dzanja langa lili m'manja mwa mayi Kamanga pa windo paja, ndinadziwa kuti munadinda bwino. Panalibe choti chituluke.

Ndikhululukireni, Amayi. Ndachedwa nako kupepesaku, koma ndilibe kwina kokupititsa.

Tsono imvani chimene ndatsimikiza. Lolemba ndibeleka dengu, sindichita manyazi, ndi ntchito imene inatilera. Koma chala chachikulu cha kumanja ndichipaka mafuta, ndichikulunga kansalu, ndichiveka kachidutswa ka chubu cha njinga, ndipo sichikhudza tsamba mpaka Malichi. Ndizitchola ndi dzanja lamanzere ndi zala zinayi za kumanja. Ndikudziwa kuti ndizitsalira m'mbuyo, atsikana amene ndinkawalangiza dzana azindipitirira, ndipo masiku ena dengu silidzadza. Aseke amene akufuna kuseka. Mwina pofika tsikulo Sileti idzandidziwa, mwina idzandikananso, zimenezo sindingakulonjezeni. Chimene ndikukulonjezani ndi ichi: tiyi ameneyu anadya zala zanu zonse khumi, wadya zanga zisanu ndi zinayi, koma chimodzi ichi sachiona.

Gonani bwino kumeneko. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino.

Ndine mwana wanu,
Falesi